Ma angle ndi mizere: kapezedwe ka x popanda kuloweza buku lonse

Ana athu a Form 1 ndi Form 2 akangoona funso lija la mizere iwiri yodulidwa ndi mzere wina, pakona alembapo ka x, ambiri mtima umayamba kugunda, ena amangolilumpha kupita funso lotsatira, chonsecho amenewa ndi malikisi otola pansi. Ndikulembera inu ana asukulu, komanso makolo ndi azichimwene ndi azichemwali amene madzulo mumakhala ndi mwana pakhonde kumuthandiza homuweki, kaya muli ku Mpondasi, ku Namwera, ku Malindi kapena ku Monkey Bay. Tengani pepala, pensulo ndi rula, muziwerenga uku mukujambula, chifukwa masamu awa kuwerenga kokha ndi maso salowa ayi.

Nkhani yonse yaima pa chinthu chimodzi basi, mzere wowongoka ndi madigiri 180. Mayina onse aja amakuzunguzani mutu, corresponding, alternate, vertically opposite, onsewo amabadwa kuchokera pamenepa, ndiye mukagwira ichi ngakhale muiwale dzina mu mayeso yankho mulipezabe.

Tiyambe ndi angle yeniyeniyo. Angle ndi kutembenuka. Imani pachitseko, chikhale chotseka, muyambe kutsegula pang'onopang'ono, mpata umene ukukula pakati pa chitseko ndi pamene chinali poyamba ndiye angle imeneyo. Chitseko chachikulu cha sitolo ndi kachitseko ka khola la nkhuku, mukazitsegula mofanana angle yake ndi imodzimodzi, kutalika kwa mizere kulibe nazo ntchito. Apa ana ambiri amagwa, akaona angle yojambulidwa ndi mizere itali amati ndi yayikulu kuposa ina ya timizere tatifupi, ayi ndithu, tikuyeza kutseguka kwake osati kutalika kwa manja ake.

Mukatembenuka mpaka kubwerera kumene munayang'ana poyamba mwazungulira madigiri 360. Nambala imeneyi tinaitengera kwa anthu akale a ku Babylon amene ankawerengera zinthu m'magulu a 60, ndi omwewonso anachititsa kuti ola likhale ndi mamineti 60, ndipo ndi nambala yabwino zedi chifukwa imagawika ndi 2, 3, 4, 5, 6, 8, 9, 10, 12 osasiya chotsala. Theka la kuzungulira ndi 180, mwatembenuka kuyang'ana kumene kunali msana wanu, ndiye mzere wowongoka uja. Theka la theka ndi 90, kona ya buku, kona ya njerwa yowumbidwa bwino, right angle imeneyo, ndipo pa diagram amaika kabokosi pakona m'malo mwa kauta. Yochepera 90 ndi acute, yopitirira 90 koma yosafika 180 ndi obtuse, yopitirira 180 ndi reflex, apa palibe chovuta tisachedwepo.

Wotchi ya mivi ndi mphunzitsi wabwino wa zimenezi, ganizani nkhope ya wotchi ngati ija ili pa chipilala cha Queen Victoria pa boma paja ku Mangochi pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Manambala alipo 12, ndiye 360 kugawa ndi 12 tikupeza 30, kuchoka pa nambala imodzi kufika pa inzake ndi madigiri 30. Nthawi ikakhala 3 koloko mivi yapanga 90, ikakhala 4 koloko ndi 120, 6 koloko ndi 180 mzere wowongoka. Tsopano mufunseni mwana za hafu pasiti 3, pafupifupi aliyense amathamangira kunena 90 poti muvi wina uli pa 3 wina pa 6, koma muvi waufupi uja sunakhale ukudikira pa 3, wayenda kale theka la ulendo wopita pa 4, ndiye madigiri 15 achokapo, yankho ndi 75. Ndimalikonda funso limeneli chifukwa limamuphunzitsa mwana kuti maso okha amanamiza, aziwerengera.

Katchulidwe kake nakonso mukadziwe msanga. Akalemba angle ABC, chilembo chapakati ndiye pakona, ndiye kuti muchoke pa A mufike pa B mukhotere ku C, angle ili pa B. Yendetsani chala pa diagram motsatira zilembozo musanalembe kalikonse, ana ambiri amawerengera bwinobwino koma angle yolakwika.

Protractor ija ya mu mathematical set ili ndi msampha wake. Ili ndi mizere iwiri ya manambala, wina ukuyambira 0 kumanja wina ukuyambira 0 kumanzere, ndiye pamalo amodzi mumaona 50 ndi 130 zitasanjikizana. Chochita ndi ichi, musanaike protractor yang'anani kaye angle ija mudzifunse, kodi ndi yochepera kona ya buku kapena yoposa? Ngati ndi yochepera ndiye 130 singatheke. Kenako ikani kadontho kapakati ka protractor pakona penipeni, mzere wapansi ugone pamwamba pa dzanja limodzi la angle, muyambe kuwerenga kuchokera pa 0 amene wagona pa dzanja limenelo. Ngati manja a angle ndi aafupi moti sakufika pa manambala, atalikitseni ndi rula, tanena kale kuti kutalika sikusintha kanthu. Ndipo taonani, 50 ndi 130, 70 ndi 110, 20 ndi 160, manambala osanjikizanawo nthawi zonse akuphatikizana kukwana 180, protractor yomweyo ikukuuzani lamulo lija.

Tsopano lamulolo tiligwiritse ntchito. Jambulani mzere wogona, pakati pake muimikepo mzere wina wopendekeka. Ma angle awiri apangika, wina kumanzere wina kumanja, ndipo awiriwo pamodzi ndi 180. Wina akakhala 65 mnzake ndi 180 kuchotsa 65, ndi 115. Ma angle awiri okwana 180 amatchedwa supplementary, okwana 90 ndi complementary, ndipo onse ozungulira kadontho kamodzi amakwana 360 poti pamwamba pa mzere wowongoka pali 180, pansi pake palinso 180.

Kenako tengani mabango awiri muwapingase ngati X, mugwire pakati ndi chala. Ma angle anayi. Tinene kuti wapamwamba ndi 65. Wakumanja ali pa bango limodzi ndi wapamwambayo ndiye ndi 115. Wapansi ali pa bango limodzi ndi wakumanja uja ndiye ndi 180 kuchotsa 115, tabwereranso pa 65. Mwaona? Wapamwamba ndi wapansi afanana, wakumanja ndi wakumanzere afanananso, ndipo sitinaloweze kalikonse, tangochotsa pa 180 kawiri. Amenewa ndi ma vertically opposite angles. Sunthani mabangowo kuti X aphwatalale kapena atseguke, muona kuti oyang'anizanawo akukula limodzi ndi kuchepa limodzi. Koma samalani, izi zimagwira pokhapokha mizere yonse iwiri ili yowongoka kudutsa pamphambanopo, ngati wina wakhota pakatipo musanene kuti ndi ofanana ngakhale akuoneka ngati akuyang'anizana.

Mu mayeso amakonda kusakaniza ndi algebra kuti akuopsezeni. Atha kunena kuti pa mzere wowongoka pali 3x + 10 ndi 2x + 20. Osanjenjemera, phatikizani zonse mufananize ndi 180, ndiye 5x + 30 = 180, 5x = 150, x = 30. Koma werenganinso funso, akufuna x kapena akufuna angle? Ngati akufuna ma angle bwezerani 30 uja, mupeza 100 ndi 80, ndipo 100 ndi 80 zikukwana 180, mwadzichonga nokha musanapereke pepala. Zimandipweteka kuona mwana wachita ntchito yonse yolemetsa bwinobwino kenako wataya malikisi chifukwa choima pa x.

Tifike pa mizere ya parallel, pamene pagona nkhani yambiri. Imeneyi ndi mizere yoyenda limodzi osakumana ngakhale muitalikitse bwanji, mpata wapakati pake susintha. Simukufunika kupita kutali kukaifuna, tsegulani kope lanu, mizere yolembamo ija ndi ya parallel. Sankhani iwiri yotalikirana pang'ono muidetse ndi pensulo, kenako goneketsani rula mopendekeka mujambule mzere wodula yonse iwiri, umenewu ndi transversal. Mphambano ziwiri zapangika, iliyonse ma angle 4, onse pamodzi 8.

Tengani protractor muyeze onse 8, musachite ulesi, kamodzi kokha pa moyo wanu muchite zimenezi ndi manja anu. Mupeza kuti manambala ndi awiri okha, aang'ono anayi ofanana ndi aakulu anayi ofanana, ndipo wamng'ono kuphatikiza wamkulu ndi 180. Chifukwa chake nchosavuta, mizere iwiri ija yayang'ana mbali imodzi ndendende, ndiye mzere wodulawo ukuipeza mopendekeka chimodzimodzi, mphambano yapansi ndi fotokope ya mphambano yapamwamba. Mukadziwa angle imodzi mwa 8 mwadziwa onse. Akakupatsani 70, wina aliyense pa diagram imeneyo ndi 70 kapena 110, palibe nambala yachitatu.

Mayina aja amangotiuza kuti ndi awiri ati amene tikuwayerekeza. Corresponding angles ndi amene akhala pamalo ofanana pa mphambano ziwirizo, monga wapamwamba kumanja apa ndi wapamwamba kumanja apo, ndi ofanana, ndipo mukatsata mizere yake mumaona chilembo F. Alternate angles ali mkati mwa mizere iwiri ija koma wina kumanzere kwa transversal wina kumanja, ndi ofanananso, chilembo chake ndi Z. Co-interior angles, mabuku ena amati allied angles, ali mkati onse komanso mbali imodzi ya transversal, amenewa ndiye safanana, amaphatikizana kukwana 180, chilembo chake ndi C kapena U. F ndi Z atha kutembenuzidwa, kugonekedwa, kuyang'ana chammbuyo, Z wina amakhala wotambasuka moti simungamuzindikire msanga, ndiye tembenuzani pepalalo mmanja mwanu mpaka mumuone, palibe amene amaletsa kutembenuza pepala mu mayeso. Koma polemba chifukwa musalembe kuti Z angles, zilembozo ndi zongokuthandizani kuona, pa pepala la MANEB lembani dzina lenileni.

Tiyeni tichite limodzi funso lathunthu. Mzere AB uli pamwamba, CD pansi, A ndi C kumanzere, B ndi D kumanja, ndipo AB ndi parallel ndi CD. Mzere EF ukutsika kuchokera pa E kudula AB pa G, kudula CD pa H. Apereka kuti angle EGB ndi 70, akufuna angle GHC. Njira yoyamba, angle GHD ili pamalo ofanana ndi EGB ndiye ndi 70, pambali mulembe corresponding angles, AB // CD. Kenako GHC ndi GHD ali pa mzere wowongoka CD, 180 kuchotsa 70 ndi 110, pambali mulembe angles on a straight line. Njira yachiwiri, AGH ikuyang'anizana ndi EGB ndiye ndi 70, vertically opposite, kenako AGH ndi GHC ndi co-interior ndiye GHC ndi 110. Njira ziwiri yankho limodzi, ndipo zonse ndi zolondola, mwana asakhumudwe akaona kuti mnzake wadzera kwina. Chofunika nchakuti sitepe iliyonse ikhale ndi chifukwa chake pambali. Nambala yokha yopanda chifukwa wochonga sangadziwe ngati mwaganiza kapena mwaonera, ndipo ngati mwaphonya kuchotsera penapake, zifukwa zolondola zija ndi zimene zingakupulumutsireni ena mwa malikisi.

Zinthu ziwiri ndikupemphani muzisamale kwambiri. Choyamba, timivi. Mizere ya parallel pa diagram amaiika timivi tofanana, kapena amanena m'mawu a funso. Ngati palibe timivi ndipo funso silinanene, musaganize nokha kuti ndi parallel chifukwa chakuti ikuoneka choncho, popanda parallel F ndi Z alibe mphamvu iliyonse, ma angle aja amakhalapobe koma safanana. Chachiwiri, funso likati calculate musatulutse protractor, ma diagram ambiri amajambulidwa mongoyerekeza ndipo nthawi zina amalemba pansi kuti not drawn to scale, mukayeza mupeza 68 pamene yankho ndi 75.

Algebra ikabweranso apa funso loyamba kudzifunsa ndi limodzi, awiriwa ndi ofanana kapena akukwana 180? Ngati ndi alternate, tinene 2x + 15 ndi 3x − 10, afananizeni, x ndi 25, angle ndi 65 mbali zonse. Ngati ndi co-interior, tinene 4x ndi 5x, aphatikizeni, 9x = 180, x ndi 20, ma angle ndi 80 ndi 100. Mukasokonezeka yang'anani ndi maso, wina wamng'ono wina wamkulu sangakhale ofanana, pamenepa pokha maso ndi ololedwa kuthandiza.

Lamuloli limagwiranso chobwerera, ndipo kumeneku ndi kumene amisiri amalidyera. Ngati mwayeza nkupeza kuti ma corresponding angles ndi ofanana ndiye kuti mizereyo ndi ya parallel. Mukafuna kujambula mizere ya parallel popanda kope la mizere, gwirani rula pa pepala isasunthe, tsamiritsani set square pa rulayo mujambule mzere, kenako tsetserezani set square motsata rula mujambule wina. Angle ya pakati pa rula ndi set square sinasinthe, ndiye mizere yanu siidzakumana. Kalipentala akamalemba thabwa ndi sikweya yake, kuitsetsereza m'mbali mwa thabwa nkumalemba apa ndi apo, akuchita zomwezi, mwina dzina lakuti corresponding sanalimvepo koma mashelefu ake amatuluka owongoka.

Pali mtundu wina wa funso umene umagwetsa ngakhale ana anzeru. Mizere iwiri ya parallel, pakati pake pali kadontho P, ndipo kuchokera pa P mzere wina wakwera kukagunda wapamwamba, wina watsika kukagunda wapansi, chooneka ngati chizindikiro ichi <. Pamwamba apereka 40, pansi 35, onse awiri ndi ma angle aang'ono a mbali imene kuli P, akufuna angle ya pa P. Mukafunafuna F kapena Z simumupeza chifukwa transversal yathyoka pakati. Chinsinsi chake, jambulani nokha mzere wachitatu wa timadontho kudutsa pa P, wa parallel ndi iwiri ija. Ukangolowa mzere umenewu angle ya pa P yagawika pawiri ndipo ma Z awiri aonekera, gawo lapamwamba ndi 40, lapansi ndi 35, yonse ndi 75. Akakupatsani ma angle aakulu a mbali inayo, 140 ndi 145, mzere womwewo ukupatsani ma co-interior awiri, 40 ndi 35 omwe aja, ndipo muona kuti 140, 145 ndi 75 akukwana 360. Ana ambiri amaopa kuwonjezera mzere pa diagram ngati kuti ndi mlandu, si mlandu, ndi masamu amene, bola mulembe kuti mwajambula mzere wa parallel kudutsa pa P.

Mzere wowonjezera womwewu ndi umene umatiuza chifukwa chimene triangle iliyonse ili ndi madigiri 180. Poyamba chitani ndi manja, dulani triangle ya pepala ya mtundu uliwonse, ng'ambani makona atatu aja muwaike moyandikana nsonga zake zikumane pamodzi, apanga mzere wowongoka. Mwana wa pulayimale akaona zimenezi amasangalala, koma wa sekondale afunse kuti chifukwa chiyani. Jambulani triangle, pa nsonga yapamwamba dutsitsani mzere wa parallel ndi mbali yapansi. Kumanzere kwapangika Z, ndiye angle yapansi kumanzere yakwera pamwamba. Kumanja Z winanso, angle yapansi kumanja nayo yakwera. Tsopano atatu onse akhala pa mzere umodzi wowongoka, 180. Umboni wa mtundu umenewu unalembedwa kale ndi Euclid ku Alexandria cha m'ma 300 BC, ndipo mpaka lero palibe chimene chasinthapo. Kuchokera apa zina zikungotsatira, mukatalikitsa mbali imodzi ya triangle, angle yakunja ija imafanana ndi awiri amkati akutali nayo mutawaphatikiza. Triangle ya mbali ziwiri zofanana, isosceles, ma angle ake apansi ndi ofanana, ndiye denga la nyumba lotsetsereka madigiri 25 mbali zonse, pamsonga pamene mitengo ikukumana pamakhala 180 kuchotsa 50, ndi 130.

Ndikufuna ndikuuzeni za Z mmodzi wamkulu kuposa onse, kuti mwana asamaone ngati izi ndi zongovutitsa anthu mkalasi. Cha m'ma 240 BC, Eratosthenes amene ankayang'anira laibulale ya ku Alexandria anadziwa kuti ku Syene, kumene lero ndi Aswan, tsiku lina pachaka masana dzuwa limakhala pamutu penipeni moti ndodo yoimika sikhala ndi mthunzi. Tsiku lomwelo ku Alexandria mthunzi unalipo, ndipo angle yake inali pafupifupi madigiri 7.2. Dzuwa lili kutali kwambiri moti kuwala kwake kumafika ngati mizere ya parallel, ndiye angle ya mthunzi ija ndi alternate ndi angle ya pakati penipeni pa dziko pakati pa mizinda iwiriyo. 360 kugawa ndi 7.2 ndi 50, kutanthauza kuti mtunda wa pakati pa mizindayo ndi gawo limodzi mwa magawo 50 a kuzungulira dziko lonse. Anangochulukitsa mtundawo ndi 50, munthu wayeza dziko ndi ndodo, mthunzi ndi alternate angles. Ndipo ife kuno tili ndi mwayi umene ana a ku London alibe, Mangochi ili pafupifupi madigiri 14 ndi theka kummwera kwa equator, ndiye dzuwa limatidutsa pamutu penipeni kawiri pachaka, chakumayambiriro kwa Novembala komanso cha pa 10 Febuluwale. Masiku amenewo imikani ndodo mowongoka pabwalo muziyang'ana kuyambira 11 koloko, mthunzi uzifupika mpaka kutsala pang'ono kusowa 12 koloko isanakwane. Aphunzitsi, tulutsani ana panja tsiku limenelo, Novembala ndiye wabwino poti mitambo imakhala isanachuluke.

Za ma bearing ndingokhudzako poti ndi ana a parallel omwewa. Bearing timayeza kuchokera kumpoto kuzungulira mmene imayendera mivi ya wotchi, ndipo timalemba manambala atatu, kummawa ndi 090, kummwera 180, kumadzulo 270. Boti likachoka padoko kulowera 040, pobwerera liyenera kulowera 220, mwangowonjezera 180, ndipo ngati bearing yoyamba yaposa 180 mumachotsa. Chifukwa chake jambulani mizere iwiri yoloza kumpoto, wina padoko wina pamene pafika boti, ndi ya parallel, njira ya boti ndi transversal, zotsalazo mukuzidziwa kale. Abale athu achisilamu amakumana ndi bearing tsiku ndi tsiku, kuchokera kuno ku Mangochi qibla, mbali imene amayang'ana popemphera, ili pafupifupi madigiri 7 kuchoka kumpoto kupendekera kummawa, pa pepala tingalembe 007.

Tsopano za 90, mizere yokumana pa right angle, perpendicular. Ngati mulibe set square tengani pepala lililonse ngakhale long'ambika, lipindeni kamodzi, mwapeza mzere wowongoka, lipindeninso kuti mzere uja ugone pa iwo wokha, 180 yagawika pawiri, kona imene yatuluka ndi 90 yeniyeni. Pa nyumba, chingwe chomangirira kachitsulo kolemera chimaloza pansi mowongoka, madzi odekha amagona mopingasa, ndipo ziwirizi zimakumana pa 90, nchifukwa chake mmisiri womanga amayenda ndi levulo ndi chingwe, khoma likaphonya pamenepa felemu ya chitseko imakana kulowa.

Koma pamene 90 imadya ndalama zenizeni ndi poyala fawundeshoni, ndiye amene mukuganiza zomanga tamverani. Kona ikaphonya pansi, vutolo limakwera nalo khoma mpaka kudenga, malata amadzatuluka ngati mano a sowo kutsogolo, matailosi kumadula tizidutswa topendekeka m'mbali monse. Njira yake ndi 3, 4, 5, imene ana adzaiphunzira ndi dzina la Pythagoras, 3 kuchulukitsa ndi 3 ndi 9, 4 ndi 4 ndi 16, pamodzi 25, amene ndi 5 kuchulukitsa ndi 5. Khomani chikhomo pakona yoyamba, pamutu pake mukhomepo msomali kuti poyezera pakhale pamodzi. Kokani chingwe motsata khoma lakutsogolo chikhale cholimba, muyeze mamita 4 kuchokera pa msomali muike chizindikiro. Kokani chingwe chachiwiri cha khoma la m'mbali, muyeze mamita 3 muike chizindikiro. Tsopano tepi ichoke pa chizindikiro china kufika pa chinzake modutsa pakati, wina agwire chingwe chachiwiri chija azisuntha pang'onopang'ono mpaka tepi iwerenge mamita 5 ndendende. Ikapitirira 5 ndiye kuti kona yatseguka kuposa 90, bwezani chingwe mkati, ikapanda kufika kona yapanikizika, tulutsani. Pa malo opanikiza monga bafa gwiritsani masentimita 60, 80 ndi 100, pa nyumba yayikulu mamita 6, 8 ndi 10, ndipo triangle yayikulu ndi imene ili bwino chifukwa kuphonya sentimita imodzi pa mamita 10 sikupotoza kona ngati kuphonya sentimita imodzi pa mita imodzi.

Makona onse anayi akakhomedwa musayambe kukumba. Yezani makoma oyang'anizana, lakutsogolo lifanane ndi lakumbuyo, lakumanja lifanane ndi lakumanzere, kenako yezani modutsa kuchokera kona ina kufika kona yoyang'anizana nayo, mbali zonse ziwiri, amenewa ndi ma diagonal. Zonsezi zikufunika pamodzi, makoma okha atha kufanana nyumba ili yopendekeka ngati parallelogram, ndipo ma diagonal okha athanso kufanana pamene khoma lakutsogolo ndi lalitali kuposa lakumbuyo. Ngati ma diagonal asiyana, sunthani zikhomo ziwiri za khoma lakumbuyo limodzi, mtunda wofanana, kulowera mbali imene ifupikitse diagonal yayitaliyo, muyezenso. Tepi ikhale yokoka bwino osalendewera, ndipo pa dothi lamchenga la m'mbali mwa nyanja zikhomo zikhale zazitali mukhome mozama, chifukwa munthu akangokhudza chingwe ndi phazi chikhomo chachifupi chimasuntha osaonekera. Mwana wa Form 2 amene ali pakhomopo mupatseni tepi agwire mbali imodzi ndipo aziwerenga yekha manambalawo mokweza, inu muzilemba.